Nyimbo Yopanda Povinira

Ndinachoka ku Nkaya chifukwa ndinatopa kudikira sitima. Ndinkagulitsa nzimbe pa siteshoni, ndipo sitima ikachedwa amuna tonse tinkaunjikana pamthunzi n'kumasirira anzathu a ku Joni: uyu wamanga ya malata, uyu wagula njinga yamoto. Tsiku lina ndinawayang'ana anzangawo, makoko a nzimbe ali mbwee kumapazi kwawo, ndipo anandinyansa. Ndinauza mkazi wanga kuti ndikupita. Mwana wathu Lusiya anali atangogweruka mano akutsogolo.

Ku Kepitauni ndinapeza ntchito yosamalira maluwa kwa mayi wina wachizungu, wokalamba, amene ankaphunzitsa piyano ana a anthu olemera. Ana ophunzirawo! Kubwera pa galimoto, zala zofewa ngati nthochi yakupsa, kukhala pampando n'kumayasamula. Ine ndikuzula udzu kuseri kwa windo ndinkamva pamene alakwitsa eni ake asanadziwe. Tsiku lina ndinatsonya mokweza. Mayiyo anasuzumira pawindo.

"Ngati ukudziwa, lowa udzatisonyeze," anatero.

Iye ankati akundichititsa manyazi. Ine ndinalowa ndi matope anga omwe.

Sindinkadziwa kanthu, koma ndinali ndi makani, ndipo mayiyo anali atatopa ndi ana oyasamula. Ndikaweruka ankandipatsa ola limodzi. Chaka chachitatu anandiikira kutsogolo mapepala anayi akuda bii ndi timadontho. Anati iyi si nyimbo yosangalatsira alendo, ndi yolangira zala, ndipo anailemba mzungu wina amene anafa kalekale. Dzanja lamanja limathamanga kuchokera pakati mpaka kumapeto kwa piyano n'kubwerera, osapuma, pamene lamanzere likugunda kumunsi kwenikweni ngati munthu wosinja. Odziwa amaimaliza m'mphindi ziwiri. Ine inandidyera zaka zisanu ndi chimodzi.

Chala chovala mphete ndiye chinali mdani wanga. Ndikati chitsike chokha, chinkakoka zinzake. Mayi uja ankandibwerezetsa kachigawo kamodzi masabata atatu, pang'onopang'ono, kachipangizo kake kakuwerengera nthawi kuti tiki, tiki, mpaka mkono kuchita dzanzi. Lamulungu Amalawi anzanga ankakumana kumwa ndi kukangana za mpira. Ine ndinkakhala m'kachipinda kanga n'kumagogoda thabwa limene ndinalijambula makiyi ndi bolopeni. Ndinkawaona ngati anthu a pa siteshoni omwe aja, angosintha mthunzi. Kunena zoona ndinali ndekhandekha koopsa, koma ndinkadziuza kuti ndi mmene amakhalira munthu wosiyana ndi anzake.

Ndalama ndinkatumiza, pamenepo palibe angandinene. Mapepala anga okhalira m'dzikomo sanali olongosoka, choncho kubwera kudzaona kumudzi kunali kutaya ntchito. Mkazi wanga akaimba foni zinali zomwezomwezo: denga likudontha, mbuzi yatupa mimba, uje wamwalira. Ndinkangoti "eya, eya" maso ali pa timadontho. Lusiya atayamba sekondale ndinamutumizira foni yakeyake, ndipo analemba kuti, "Ababa, muli bwanji kumeneko?" Ndinaugwira uthengawo tsiku lonse. Mtsikana amene ndinamusiya ali ndi magweru, ndimuuze chiyani? Mapeto ake ndinaika foni pa piyano, n'kujambula zimene ndinkaimbazo, n'kumutumizira. Ndinkatero Loweruka lililonse. Iye ankayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu, ine n'kumati bola ku Nkaya konse kuli munthu mmodzi wa makutu.

Patatha zaka khumi ndi zinayi mayi uja anamwalira, ana ake n'kugulitsa nyumba ndi piyano yomwe. Mwezi womwewo ndinamva kuti Lusiya akukwatiwa. Ndinakwera basi mtima uli m'malo, podziwa kuti mphatso yanga palibe angaifanizire. Ena adzabwera ndi mapoto ndi mabeseni, ine ndidzamuimbira mwana wanga nyimbo yathu ija, yonse, maso ndi maso.

Madyerero anali mu holo ina ku Balaka. Woimba anali alamu anga a Filipo, mchimwene wa mkazi wanga, katswiri wa kwaya ya kwathu. Ukatswiri wake! Kakiyibodi kawo kanali kodziimbira kokha ng'oma. Amangodina batani, n'kumaponyapo zala ziwiri, mapewa akugwedezeka ngati akuchita zinazake zovuta. Ndinawayang'ana ndipo ndinawamvera chisoni chosakaniza ndi mseko.

Itakwana nthawi ya perekaniperekani, woyendetsa mwambo anakuwa: "Tsopano bambo a mkwatibwi, ochokera kunja, atilawitsa za kunja!" Anthu anaimirira, ndalama m'manja, ziuno zitakonzeka kale.

"Zimitsani ng'omazi," ndinawauza a Filipo.

"Alamu, popanda biti anthu avina bwanji?"

"Si yovina imeneyi."

Ndinakhala pansi. Makiyi ake anali opepuka ngati chidole cha mwana. Lamanzere linagunda, lamanja linanyamuka bwinobwino, kukwera, kukwera, kenako kiyibodi inatha. Zala zanga zinagogoda thebulo kuti go, go, go. Zaka zonsezo sindinaganizepo zoti piyano ya mayi uja inali yaitali, ndipo kuti aka n'kakafupi. Ndinayambiranso chakumunsi kuti lamanja likwane, koma tsopano lamanzere ndilo linagwera panja, n'kugwetsa botolo la fanta la a Filipo. M'holo munali zii. Azakhali ena kumbuyo anafunsa mokweza, "Kodi yayamba, kapena akuyesa kaye?"

"Tiwaombere m'manja bambo athu!" anatero woyendetsa mwambo uja. A Filipo anatambasula dzanja padzanja langa n'kudina batani lawo. Ng'oma zinalira, holo yonse inavina.

Ndinatuluka, n'kukaima kuseri pamene amayi ankatsukira mbale, ndikutukwana chamumtima. Mbuli zokhazokha. Anthu oti nyimbo amaimvera m'chiuno. Ndikanadziwa sindikanataya nthawi yanga. Ndili chiimire choncho, Lusiya anandipeza, atanyamula chovala chake choyera kuopa fumbi. Nkhope yake inali ya mayi anga, ndipo aka kanali koyamba kuti tiime awiriwiri.

"Mwana wanga, usadandaule," ndinatero. "Ndi kachidole kaja. Iwe wekha ndiwe ukuidziwa nyimbo imeneyi mmene imamvekera."

"Ndikuidziwa, ababa. Mauthenga onse aja ndinawasunga."

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinafuna kumufunsa kuti ndi chigawo chiti chimene chinkamusangalatsa.

"Uliwonse ndinkaumvera mpaka kumapeto," anapitiriza. "Ndinkati mwina mukamaliza kuimba mulankhula."

M'holo a Filipo anali atayamba ina, zala zawo ziwiri zomwezo, ndipo anthu ankaitana mkwatibwi kuti akavine ndi atsibweni ake ena. Lusiya anatembenuka kuti azipita, kenako anaima.

"Koma ulipo umodzi, wa chaka chimene ndinkalemba mayeso a Fomu 2. Munatsokomola pakati. Umenewo ndi umene ndinkaubwereza kwambiri."