Tchuthi Chomwe Abambo Adakapempha Malo ku Dedza

Ndikukumbukira tchuthi cha Disembala, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, pamene abambo adati tikwere galimoto tikaone kwathu ku Malawi. Tinkakhala ku Seke, m'tauni ya Chitungwiza ku Zimbabwe, m'nyumba yomwe agogo aamuna adasiya. Agogowo adachoka ku Dedza ali mnyamata kudzafuna ntchito, adakwatira mkazi wa Chishona wa ku Murehwa, ndipo adamwalira osabwererako. Amayi anga adabadwira pa famu, makolo awo adali a ku Mozambique, ndipo mudzi wawo palibe ankaudziwa. Choncho sukulu ikatsekera, anzanga onse ankapita kumusha, kumidzi kwawo, ine n'kutsala m'fumbi la m'misewu. Pobwera ankanditcha mubhurandaya, dzina lomwe amatinyoza nalo ife a magazi a ku Malawi, n'kumandifunsa ngati kwathu kuli ngakhale mbuzi imodzi. Zinkandiwawa kwambiri.

Abambo adali makaniko, ankakonza makombi, maminibasi a kuno, pa Chikwanha. Galimoto yathu adachita kuidzutsa kwa akufa, chitsulo ichi kuchokera uku, chitseko icho kuchokera uko, kwa zaka ziwiri. Amayi adati tikwere basi, koma abambo adakana, amvekere munthu wopita kwawo safika ngati katundu. Cholinga chawo sadabise. Ankafuna akapemphe malo kumudzi kwa bambo awo, amangepo kanyumba ka zipinda ziwiri, kuti akadzakalamba akakhale kumeneko ndi kugona m'manda a kwawo. Kumbuyo kwa galimoto, pakati pa shuga ndi mabulangete a mphatso, adaikako chingwe, zikhomo zinayi ndi tepi yoyezera.

Ulendowo udayamba mokoma, sindinganame. Palibe kondakitala wotikuwira, palibe wotipanikiza. Tidaima pomwe tafuna, kupitirira Mutoko tidadya mango titakhala pamwala waukulu, abambo akuimba nyimbo za kutchalitchi ndi mawu awo osalongosoka aja. Titafika pa Nyamapanda, pa malire a Mozambique, adakhazikitsa lamulo loti kuyambira pamenepo Chishona chitsale m'mbuyo.

"Baba, ndine nzara," ndidatero titangolowa m'Mozambique.

"Sindikumva. Nena bwino."

"Ndili ndi njala."

"Eya. Azakhali anga asakaganize kuti ndalera mlendo."

Kenaka msewu udayamba kutionetsa mano. Dzuwa la ku Tete silidziwa chisoni. Injini idawira katatu, ndipo madzi athu akumwa adathera m'mimba mwa galimoto. Pena munthu wa yunifolomu adatiimitsa, n'kumazungulira galimoto akulankhula Chipwitikizi, kuloza ichi, kuloza icho. Tidakhala pamenepo maola awiri, mipando ikuotcha ngati chiwaya, abambo akumwetulira kumwetulira komwe sindidakuonepo, kwa munthu wopempha. Amayi ankangoti pansipansi, "Ndinanena ine za basi." Koma pa mlatho wa Zambezi abambo adayendetsa pang'onopang'ono dala kuti ndione madzi, ndipo adandiuza kuti bambo awo adawoloka mtsinje umenewu ndi kamtolo kamodzi pamutu.

Tsiku lachiwiri tidalowa m'Malawi. Mphepo idasintha, kudazizira, mapiri adavala nkhungu. Pa chipata adatipatsa pepala la galimoto lonena masiku omwe tingakhale, ndipo abambo adaseka, amvekere, "Kwathu komwe andiwerengere masiku?" Msewu wa kumudzi udali wamatope. Tidatitimira kawiri, anyamata a m'midzi n'kutikankha akufuula kuti galimoto ya ku Halale yafika.

A Nabanda, mlongo wawo wa agogo, adali akadali moyo, okalamba, maso ataphimba. Adagwira nkhope ya abambo ndi manja onse awiri n'kulira, akuti mphumi ndi ya achimwene awo. Adatiphera nkhuku. Tsiku lotsatira adapha ina, ndipo mwana wawo, a Lufeyo, msuweni wa abambo, adatiyendetsa m'madimba a mbatata ndi kutionetsa khola la mbuzi. Ine ndidaziwerenga mbuzizo n'kuziloweza mitundu kuti ndikawauze anzanga. Masiku atatu amenewo ndidali munthu wokhala ndi kwawo, ndipo Chichewa chidayamba kutuluka chokha m'kamwa mwanga.

Tsiku lachinayi m'mawa abambo adavala jekete, adapempha kuti akulu akhale pansi pa mtengo wa mango. Ine ndidakhala pamphasa pafupi ndi amayi. Adayamba ndi kuthokoza, adazungulira monga achitira akulu, kenaka adanena chomwe adadzera. A Lufeyo adaseka. Sikudali kuseka kwa nkhanza, kudali kuseka kwa pachisuweni, koma kudalowa ngati minga.

"Asuweni, mwayenda ulendo wonsewu osafunsa?"

A Nabanda adawaletsa ndi dzanja, n'kulankhula okha mofatsa. "Mwana wanga, kuno mudzi ndi wa akazi. Malo ano anali a amayi anga, pano ndi anga, mawa ndi a ana anga aakazi. Achimwene akanabwera, akanakhala, chifukwa anabadwira pano. Koma mwana amatsata mayi. Kwanu n'kwa amayi anu."

"Kwa amayi anandiuza kuti mwana ndi wa bambo," abambo adayankha. "Anati ng'ombe za malowolo zinaperekedwa, ndiye ine ndine wa kuno."

"Umenewo ndi mwambo wawo. Ife sitinalandire ng'ombe, sitinaperekenso."

"Nanga manda, azakhali?"

"Munthu amagona kwa amayi ake."

 A Lufeyo, pofuna kufewetsa zinthu, adati tizibwera chaka chilichonse, nkhuku sizidzatha, pajatu mlendo ndi mame.  Pamenepo m'pamene abambo adazindikira, ndi ine ndemwe, kuti nkhuku zija sizidali za mwana wobwerera kwawo. Palibe adatichitira choipa, ndipo chimenecho ndicho chidapweteka koposa, chifukwa padalibe woti timukwiyire.

Tidanyamuka m'mawa mwake, masiku athu asadathe. Pobwerera sitidaime paliponse kupatula pomwe injini yafuna. Abambo sadaimbe. Pa mlatho wa Zambezi adadutsa ngati akuwoloka ngalande. Ndidawayesa dala, ndidalankhula Chishona kuyambira ku Tete mpaka ku Mutoko, ndipo sadandidzudzule ngakhale kamodzi. Mtima wanga udadzaza ndi mkwiyo. Ndinkaona ngati andinamiza, andipsetsa ndi dzuwa pachabe, ndipo tsopano ndikayang'ane bwanji anzanga omwe ndidawauza kuti ndikupita kumusha.

Lamulungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, madoda a magazi a ku Malawi adadzaza pakhonde kudzamva za kumudzi. Ambiri mwa iwo adali asadapiteko chibadwire, ena adachokako ali anyamata. Padali a Mbewe, nkhalamba yomwe idagwira ntchito ndi agogo. Abambo adafotokoza za nkhungu, za madimba, za a Nabanda kulira, za nkhuku ziwiri. Zonse zidali zoona. Nkhope za madoda aja zidawala, wina akufunsa za mvula, wina za mtengo wa mbuzi. Ndiye a Mbewe adafunsa, "Malo akuonetsani?"

Abambo adatsegula pakamwa. Sindidziwa chomwe akadanena, ndipo sindidzadziwa. Ine ndidali nditaima pakhomo ndi beseni la madzi osamba m'manja, ndipo ndidawatsogolera m'Chichewa chosalala, chomwe adandikakamiza okha.

"Atikana. Akuti si kwathu, kwathu n'kwa agogo aakazi. Zikhomo zabwerera."

Ndinkayembekezera kumenyedwa khofi, kapena kuti madoda adzidzimuke. Palibe adadzidzimuka. Onse adayang'ana pansi ngati anthu omwe auzidwa za maliro omwe ankawadziwa kale. A Mbewe adasamba m'manja mwakachetechete, n'kundiyang'ana.

"Mwanawe, ukuganiza kuti ife sitidziwa njira ya ku Nyamapanda? Timaidziwa. Sitipita dala."

Abambo sadandimenye, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Adadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba, alendo akadali pakhonde, chinthu chomwe sadachitepo. Kuyambira pamenepo madoda akamakamba za kumudzi, iwo ankangokhala chete. Sadanenenso mawu oti kwathu. Adakhala zaka zina khumi ndi zisanu, ndipo tidawaika konkuno ku Chitungwiza, pakati pa anthu ena omwe malo awo adali kwina.

Kwa nthawi yaitali ndinkadziteteza kuti ndidangonena zoona, ndipo ndinkaimba mlandu mwambo wa ku Dedza ndi wa ku Murehwa, miyambo iwiri yomwe idapatsirana munthu ngati mbale yotentha mpaka kumugwetsa. Mlandu umenewo ndikadauimbabe. Koma lero, ndili ndi zaka zomwe abambo adali nazo pa ulendo uja, ndikumvetsa zomwe zinkachitika pakhondepo. Madoda aja sadabwere kudzafuna zoona. Adabwera kuti mmodzi wa iwo, yemwe adalimba mtima n'kupita, awauze kuti mudzi ulipo ndipo ukuwadikira. Abambo akadatha kuwapatsa zimenezo, n'kudzipatsanso okha, mwina mpaka kuzikhulupirira. A Nabanda adawamana malo pamaso pa anthu asanu omwe sakadawaonanso. Ine ndidawamana pamaso pa anthu omwe ankakumana nawo Lamulungu lililonse mpaka imfa, ndipo sindidapepese, chifukwa pamene ndinkazindikira kuti padali chopepesa, adali atapita.