Funso la pa tebulo

Dothi la pamanda lisanaume n'komwe, abale a mwamuna anafika ndi lole. Anatenga bedi, mipando, makina osokera, ngakhale ndowa yobooka. Anthu opanda manyazi! Potsiriza mlamu wamkulu anapendeketsa tebulo, mabuku a mwana n'kukhuthukira pansi.

"Awa asiyeni," anatero. "Mabuku sadyedwa."

Mayi wamasiyeyo anawerama n'kuyamba kutola mabukuwo. Koma mwana wake wamkazi wa zaka khumi ndi ziwiri, amene ankamutcha Mafunso chifukwa chosatopa kufunsa, anatchinga pakhomo.

"Bambo aakulu, ananena ndani kuti tebulo ili ndi lanu?"

"Alamu, kamwana kanuka n'kamwano," anatero bamboyo, n'kumukankhira pambali.

Inu amene mukufuna kulimba mtima, funso limenelo ligwireni. Libweranso.

Mayiyo anayamba ganyu yochapa ndi kusita zovala za eni ake. Mafunso ankalembera pa maondo, m'kachipinda kamodzi konunkha sopo. Mayeso omaliza a ku sekondale anagwa nawo, ndipo analira masiku atatu.

"Zakwana," anatero mayi ake. "Misozi sichapa malaya. Dzuka ukalembenso."

Analembanso, n'kukhoza. Ku yunivesite anasankha filosofi, maphunziro ofufuza kuti choona n'chiti, chilungamo n'chiyani.

"Ndiye ukamaliza uzikayala maganizo pamsika?" anafunsa mayiyo. Sanamvetse, koma kuchapa sanasiye.

Atamaliza, Mafunso anati, "Amayi, kuti anatilakwira ndadziwa. Tsopano ndikufuna kudziwa kuti nyumba ikalandidwa katundu, ana ake amathera kuti." Analowa maphunziro a zachuma, zaka zina zisanu ndi chimodzi, mpaka anthu anayamba kumutchula kuti dokotala. Dokotala wosabaya jakisoni, mayi ake ankaseka choncho.

Anayamba kuphunzitsa pa yunivesite pomwepo, koma mongogwirizira. M'mawa filosofi ku ofesi za m'mwamba, masana zachuma ku ofesi za pansi. Anzake anamupatsa dzina lina loti mleme: mbalame ayi, mbewa ayi.

Itakwana nthawi yomulemba ntchito yokhazikika, fayilo yake inangokhalira kukwera ndi kutsika masitepe miyezi isanu ndi itatu. A m'mwamba amati, "Muli manambala umu, ndi wanu uyu." A pansi amati, "Mafunso achuluka, ndi wanu uyu." Anthu akuluakulu, madigiri mpaka m'khosi, kulephera kusaina pepala limodzi! Kenaka kalata inabwera: Lachisanu akaonekere ku komiti. Popanda mbali yomulandira, mwezi ukatha azipita.

Mayiyo anasita diresi la mwana wake kawiri, n'kumuperekeza. Anakhala pa benchi panja, manja osupuka ndi sopo ali pamiyendo. Chitseko sichinatsekeke bwino, ndiye ankamva zonse.

"Tiuzeni mwachidule, dokotala," anatero wapampando. "Ndinu wa mbali iti?"

Mayiyo anasendera kufupi ndi chitseko. Zaka zonsezi, madzi onse aja, zithere pa benchi pano?

"Bwana," anayamba Mafunso, "ndili mwana anatilanda tebulo. A zachuma angakuuzeni zimene nyumba yathu inataya, ndi kuti pa nyumba zolandidwa zimene ndinaziyendera, ana angati anasiya sukulu. Koma sangakuuzeni ngati kulandako kunali kolungama. A filosofi angakuuzeni kuti kunali kulakwa, koma sadziwa kuti olakwiridwawo ndi angati, ali kuti. Ine tebulo linali limodzi. Ndilidule pakati?"

Mphunzitsi wina wokalamba anaseka mpaka kutsokomola. "Miyezi isanu ndi itatu tikukankhirana munthu amene tonse tikumufuna! Bweretsani pepalalo, tisaine mbali zonse ziwiri."

Mayiyo anapumira m'mwamba.

Lolemba lake Mafunso anamuonetsa ofesi yatsopano, pakati penipeni pa masitepe aja. Munali tebulo lalikulu lonyezimira. Mayiyo analigogoda, analigwedeza, anasuzumira ndi kunsi komwe.

"Ananena ndani kuti tebulo ili ndi lako?"

"Komiti, amayi."

"Pali pepala?"

"Lilipo. Asaina awiri."

"Eya. Lole ibwere tione."

Anakhala pampando wa dokotalayo, n'kuvula nsapato, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirireni mwamuna wake anaodzera masana.

Tsono inu amene anakukokoloreni zonse n'kukusiyirani zimene ankati sizidyedwa, tolani zomwezo. Mwana wanu akamafunsa, musamutseke pakamwa kuti musangalatse akuba. Akagwa mayeso, mudzutseni. Akamutcha mleme, muuzeni kuti mleme umauluka ndithu. Mtima musautaye, abale anga. Umenewo sukwera lole.