Mzere Wachiwiri pa Komputadolo ya Malemu

Komputadolo, kaya kompyuta, ya malemu amuna anga inali nkhalamba yamakani. Anabwera nayo kuchokera ku Zambia ataimangirira pa njinga, ataikulunga m'bulangeti langa labwino, ndipo ine tsiku limenelo ndinalusa chifukwa cha bulangetilo. Anaiika m'kabaraka, kashopu kawo ka pa merikado, msika wa ku Fingoe, momwe ankaikira anthu nyimbo m'makaritawu, timakhadi tolowetsa m'telefoni. Anyamata okumba golide ndiwo ankadzaza pakhomo, matope ali mbuu mpaka m'makutu.

Nyimbo zitachuluka, anakagula disiko yaikulu ku Tete. Atailowetsa, makinawo anangoona kachigawo kakutsogolo kokha.

"Amayi, tabwerani muone makani," anandiitana. "Muno muli kaubongo kamene kamadzutsa makina, amakatcha Biyosi. Kanabadwa madisiko asanakule. Kamawerenga mpaka pomwe kanaphunzira, kenako kamati dziko lathera pompa."

"Ndiye kafanana ndi amalume anu," ndinatero. Anaseka mpaka kutsokomola.

Analimbana nayo masiku angapo, chakudya n'kumazizira pa tebulo. Pamapeto pake anaigawa disikoyo ngati nyumba. Kutsogolo anaikako sistema yakale yoyendetsa makina, ya ntchito. Kumbuyo, komwe Biyosi sankaona, anaikako sistema ina yatsopano, yomwe ikangodzuka imaona yokha disiko yonse. Kachitseko kolowera kumbuyoko anakaika kutsogolo kwenikweni, kuti nkhalambayo izikapeza. Ukayatsa, pankabwera mdima ndi mizere iwiri yoyera. Ukapanda kukhudza kanthu, makina ankalowa okha mumzere woyamba, wa ntchito. Ukadina msanga kabatani koloza pansi, unkalowa mumzere wachiwiri, womwe unali wathu.

Kumeneko ndiko ankasunga zapabanja, poti makaritawu a anthu ankabwera ndi matenda odya zinthu m'makina, koma kumbuyoko matendawo sankafikako. Kunali mafoto a ukwati wathu ndi a ubatizo wa mwana wathu wamkazi. Kunalinso kafilimu komwe ndinajambula ndekha, bambo akuphunzitsa mwana kupalasa njinga. Akuthamanga pambuyo pake, akufuula kuti, "Palasani, mayi, palasani, ndakugwirani!" pomwe anali atamusiya kalekale. Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi tinkadzera kubaraka, ndipo kudina kabatani koloza pansi inali ntchito ya mwanayo. Wina akamudinira, ankakwiya tsiku lonse.

Amuna anga anadwala mutu ndi kutentha thupi, ndipo sabata isanathe tinali titawaika m'manda. Za masiku amenewo sindifuna kulemba zambiri.

Titameta, abale awo ochokera ku Chiputo anakhala pansi kugawa katundu. Komputadolo inagwera mng'ono wawo, mlamu wanga, poti ndi chida cha ntchito ndipo amati chibwerere kumtundu. Namfedwa pabwalo lotero salankhula. Ukangotchula katundu, anthu amayang'anana, mawa lake umamva kuti unkaidikira imfayo. Mawu ako amadzera mwa ankhoswe, ndipo ankhoswe a kuchimuna anali amalume awo aja. Ndinagwada pambali pawo n'kuwanong'oneza zonse: za mizere iwiri, za kumbuyo kosaoneka, ndi kuti asafufute kanthu ine ndisanatengemo mafoto ndi mawu a malemu. Ankagwedeza mutu ngati akumva. Kenako anaimirira, nakonza kukhosi.

"Mayiwa akuti makinawo muwasamalire, asalowe fumbi."

Ndinatsala pang'ono kukuwa. Ndinaluma nsalu yakumutu, amayi anga atandikanikiza pa bondo.

Ndinati ndimulondola mlamu ku Chiputo sabata yotsatira, koma mvula inayamba. Msewu wa ku Chiputo nthawi ya dzinja umasanduka phala, ndipo kumudzi kwa mlamu telefoni siigwira. Ndinatumiza uthenga ndi munthu wa mota, njinga yamoto ija, koma sindikudziwa ngati unafika. Lamulungu lililonse mwana ankandifunsa kuti tipita liti kukaona ababa akuthamanga, ine n'kumamuyankha kuti msewu ukauma.

Utauma tinapita. Mlamu anatilandira bwino, anatiphera nkhuku, anamunyamula mwana m'mwamba monga ankachitira mkulu wake. Si munthu woipa, ndipo chimenecho ndicho chimandipweteka, chifukwa ndilibe womutukwana. Titadya anatilowetsa m'nyumba monyadira. Pa tebulo panali komputadolo ina, yooneka yatsopano. Nkhalamba ija inali pansi pa bedi, m'mimba muli pululu.

"Alamu, achimwene ankangodzivutitsa," anatero. "Disiko yaikulu chonchi, makina akale aja n'kumangoona kamutu kokha! Nditaisamutsira muno, makinawa anandionetsa kuti kumbuyo konse kuli malo osawerengeka, nandifunsa ngati ndiyeretse. Ndinayeretsa yonse, pulonto, zatha. Pano mwadzaza mafilimu ndi nyimbo."

Ndinasendera pafupi ndi tebulo. "Nanga mzere wachiwiri uja, alamu?"

"Uja unkabwera poyatsa? Sindinaulowepo ngakhale kamodzi. Ndinkaopa kuononga zinthu za achimwene."

Mawu omwe amuna anga ankafuula pa kafilimu kaja ndimawadziwa onse pamtima, koma kamvekedwe ka liwu lawo kayamba kundithawa, ndipo ndinkadalira makinawo kuti andibwezere. Ndinamva chisoni choposa cha tsiku la maliro, chifukwa tsiku lija ndinali ndi anthu olira nawo.

Mwana sanamve zomwe tinkakambirana. Anali atakwera kale pa mpando, chala chili pa kabatani koloza pansi, akudikira. Mlamu anayatsa. Mdima uja sunabwere, mizere sinabwere, makina anangolowa molunjika. Mwana anadina, nadinanso mwamphamvu, kenako anatembenuka kundiyang'ana.

"Amayi, ndachedwa kudina. Auzeni ababa ang'ono azimitse, ayatsenso."

Mlamu anandiyang'ana, ndipo pamenepo ndi pomwe anamvetsa. Anatambasula dzanja pang'onopang'ono, nazimitsa, nayatsanso. Mwana anakonzekeretsa chala chake.