Nkhunzi ya Malume

Aliyense ankawatcha Malume, ngakhale amsinkhu wawo. Moyo wawo wonse unathera m'khola. Sukulu anaithawa ali aang'ono, koma pa ng'ombe, ayi ndithu, sukanawauza kanthu.

Chuma chawo chinali nkhunzi yakuda yotchedwa Bwana, ya chifuwa ngati chitseko. Anthu oyandikana nawo ankabweretsa ng'ombe zawo kuti zikweredwe, ndipo Malume sankakaniza. Nkhunzi ina iliyonse ankainyoza kuti ndi mbuzi. Ndiye mathole aakazi a Bwana atakula, Malume anawakweretsa kwa Bwana yemweyo. Amati magazi abwino asasakanizike.

Panapita zaka zinayi zidzukulu zimene zinabadwazo zili bwinobwino. Kenako ng'ombe imodzi inayamba kutupa mimba kumanzere, kupuma mwawefuwefu, kulephera kugeya. Malume anaimwetsa mafuta ophikira, anaiboola pamimba, anasintha udzu. Inafa. Yachiwiri inafa. Yachitatu inafera m'manja mwawo, iwo akuikuwira ngati munthu: “Puma, mwanawe, puma!”

Dokotala wa ziweto anadula kanyama pansi pa nthiti za ng'ombe yakufayo nkupita nako kokapima. Anabweranso patatha milungu itatu.

“Malume, mnofu umene umakoka mpweya ndi umene ukuwonongeka. Mapuloteni ake aundana timibulu, sukugwiranso ntchito.”

“Zotsalazi zibayeni jakisoni, adokotala. Ndagwira mwendo wanu.”

“Mankhwala palibe. Ndi matenda a kumtundu. Bwana ali nawo mobisika. Thole likatengera kwa bambo ndi kwa mayi omwe, basi ladwala.”

Malume anagwira mtengo wa khola. Mtima unawawawa koopsa, poti wolakwa sanali mfiti kapena udzu, koma iwo eni. Anayang'ana zisanu zotsalazo, zonse zidzukulu za Bwana, nayamba kumvetsera kapumidwe ka iliyonse. Chakudya chinawakanika. Ankangozungulira khola, kugogoda mimba ndi chala.

Tsiku lachitatu m'mawa kunatulukira mlamu wawo wamasiye, akukoka ng'ombe yake imodzi yokhayo, imene mkaka wake unkadyetsa ana asanu. Malume anaizindikira msanga. Inabadwira m'khola lawo lomweli, mayi wake mwana wa Bwana, bambo wake Bwana yemweyo.

“Alamu, ikufuna yamphongo iyi,” anatero mayiyo akuseka. “Kungoti yanenepa bwanji masiku ano! Taonani mimbayo.”

Malume anayang'ana mimba ya ng'ombeyo kumanzere. Inali yotupa.

“Mlamu,” anatero, “mangani chingwecho pamtengo. Khalani pansi kaye.”