A Zebedee Mwangosi, Mlonda wa Seva ya Chipatala Chathu

Ambiri mu parishi ino timawakumbukira bambo Zebedee Mwangosi ngati mkulu uja wa pa benchi yachitatu, woimba mokweza kuposa kwaya yonse ngakhale mawu ake ankalowera kwina. Ndi ochepa amene ankadziwa zomwe iwo ankachita mkati mwa sabata m'kachipinda kozizira kuseri kwa famase ya chipatala cha mishoni yathu. Poti tsopano atisiya, tiyenera kulemba, ana athu angadzayese kuti anthu a Mulungu amapezeka pa zithunzi za pakhoma pokha.

A Zebedee anabadwira ku Mlare mu 1957, m'banja la alimi a chinangwa ndi mpunga. Mayi awo ankawadzutsa tambala woyamba kuti akapeze Misa isanayambe, ndipo chizolowezi chimenecho anakalamba nacho. Anali mwana wa manja osakhazikika. Ali ndi zaka khumi anamasula wailesi ya bambo awo, naibwezera misomali itatu itatsala pamphasa, koma wailesiyo inalankhula ndithu. Sukulu inathera Fomu 2 bambo awo atamwalira, chifukwa kumbuyo kwawo kunali ana asanu ofunika kudya. Analowa ntchito ya umesenjala ku mishoni, kenako anaphunzira kutayipa, ndipo posakhalitsa chilichonse chofa pachipatalapo, kaya foni, kaya sikelo ya ana, chinkafikira m'manja mwawo.

Mu 1983 anamanga ukwati woyera ndi mayi Leticia, amene iwo ankawatchula kuti anyina Lughano potsata dzina la mwana wawo woyamba, mayiwonso n'kumawatchula amuna awo kuti awiske Lughano. Mulungu anawapatsa ana anayi ndipo anatengapo mmodzi, Gordon, amene malungo anamulanda ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Lamulungu lotsatira malirowo, a Zebedee anakhala pa benchi yawo ija, osaimba, misozi ikungotsika. Chivomezi cha 2009 chinang'amba nyumba yawo, banja lonse n'kugona mutenti miyezi itatu, koma palibe amene anawamva akudandaula.

Makompyuta atafika pachipatala, ena ankawafunditsa nsalu n'kumawadutsa patali. A Zebedee anakoka mpando. Patapita zaka kunabwera seva, kompyuta yaikulu yosunga mbiri ya wodwala aliyense, imene makompyuta a kolembetsera, a ku labu ndi a ku famase amafunsako zonse kudzera pa netiweki. Anawatumiza ku Mzuzu kukaphunzira masabata ochepa, zotsalazo anadziphunzitsa okha, magalasi ali pansonga ya mphuno. M'mawa uliwonse asanakhudze batani ankachita chizindikiro cha mtanda, anamwino n'kumaseka kuti a Mwangosi akufuna kuibatiza sevayo.

Tisawapake mafuta, nawonso anali ndi pofooka pawo, ndipo anatiuza okha. Ankakonda kufunidwa. Mapasiwedi onse anali m'mutu mwawo, kiyi wa kachipinda kaja m'thumba mwawo, ndipo akamva wina akuti, "Popanda a Mwangosi pano tafa," mtima unkachita kuti myaa.

Chimene chinawatsegula maso chinachitika mu 2016. Opanga mapulogalamu amatumiza kawirikawiri zigamba zotsekera mipata imene akuba a pa intaneti angalowerepo, ndipo amisiri amazitcha apudeti ya chitetezo. Lachisanu lina masana a Zebedee anaika apudeti yotere, natseka chitseko, n'kukwera minibasi kupita kumaliro a mlamu wawo kumapiri a Misuku, kumene foni sinkagwira. Lolemba m'mawa seva inkayaka bwinobwino, koma kompyuta iliyonse pachipatala inkangoti yalephera kulumikizana nayo. Anayesa kuzimitsa n'kuyatsa, anayesa kugwedeza zingwe, osaphula kanthu. Masiku awiri zotsatira za ku labu zinatsekeredwa m'makinamo.

Atabwera Lachitatu, anapeza kuti apudeti ija inatseka khomo limene pulogalamu ya odwala imalankhulira ndi makompyuta ena. Analitsegula, zonse n'kudzuka tiyi asanazizire. Anthu anawaombera m'manja. Chimwemwecho chinawathera pamene anamva za mayi wina wa ku Uraha amene anabwera panjinga Lolemba kudzamva zotsatira za magazi a mwana wake, n'kubwezedwa chimanjamanja. Mayiyo anabweranso patatha masabata atatu, mwana ali lefu kumsana. Mwanayo anachira, tithokoze Mulungu, koma a Zebedee anakhala pambali pa bedi lake nthawi yopuma iliyonse, manyazi atawagwira.

Loweruka anapita kukalapa. Zimene ananena kwa bambo mfumu sitikuzidziwa, koma ku mphakati anaimirira n'kunena poyera kuti: "Abale, ine ndinadziyesa mzati wa chipatala. Ntchito ya odwala siyenera kusungidwa m'mutu mwa munthu mmodzi, chifukwa mutuwo tsiku lina udzapita kumanda." Kuyambira pamenepo nkhawa yawo inali imodzi, yakuti pasadzapezekenso wodwala wobwezedwa chifukwa iwo palibe.

Anasankha kuphunzitsa mayi Towera Gondwe, kalaliki wa kolembetsera, wamasiye wa ana atatu, amene anali atadutsa kale zaka makumi anayi. Ena anaseka kuti a Mwangosi asowa wophunzitsa. Iwo ankangoyankha kuti a Nyagondwe amawerenga chikalata mpaka mzere womaliza, khalidwe losowa ngakhale pakati pa ophunzira. Masana alionse ankakhala nawo m'kachipinda kaja.

"A Nyagondwe, musayambe ndi kukonza, yambani ndi kufunsa," ankatero. "Magetsi alipo? Chingwe chili m'malo? Seva ikuyankha mukaigogoda? Mukatero werengani logi." Logi ndi kaundula amene makina amalembamo okha zonse zowachitikira. "Makina sanama, kungoti amalankhula motsitsa. Ife ndi amene timafulumira."

"Adada, Chizungu chake n'chokhota ichi," a Towera ankadandaula.

"Werengani kawiri. Nanenso poyamba ndinkangoona nyerere."

Anaika lamulo lakuti apudeti isamaikidwe Lachisanu, ndipo mapasiwedi anawalemba n'kuwapereka kwa akuluakulu a chipatala mu envulopu yomata. Mu 2020 anapuma pantchito. Kupuma kwake kunali kwa dzina lokha, chifukwa pakangovuta pang'ono a Towera ankawaitana, iwonso n'kupalasa njinga mosanyinyirika, mwinanso mokondwa. Koma pobwerako ankakhala pakhonde akusinkhasinkha. "Anyina Lughano, mayi uja amadziwa," anatero tsiku lina, "koma sanagwepo m'madzi akuya ine ndili kutali. Ndikuopa kuti ndamuphunzitsa kundiitana."

Mu Okutobala 2024, dzuwa la Karonga likuwotcha mpaka phula kufewa pamsewu, mtima wawo unayamba kufooka. Miyendo inatupa, mpweya unkaperewera, ndipo anawagoneka pachipatala chomwecho, m'chipinda chogundana khoma ndi famase. Ankati malowo awakomera, chifukwa m'mawa uliwonse ankamva kamakina kosindikiza timapepala tomata pa mankhwala kakulira kuseri kwa khoma, n'kudziwa kuti seva ili moyo.

Lachiwiri lina kamakinako sikanalire. Eyiti koloko inakwana, hafu pasiti eyiti, kuli zii. A Zebedee anafunsa namwino Pilirani amene ankawayeza kuthamanga kwa magazi.

"Musadandaule, adada, pumani," anatero namwinoyo, maso ali kumbali.

"Mwana wanga, ndagwira ntchito pano iwe usanabadwe. Chachitika n'chiyani?"

"Dzulo madzulo anaika apudeti, ndiye magetsi anathimathima. Lero makompyuta onse akukana. A Gondwe ali komweko."

Pawindo ankaona mzere wa odwala pansi pa mtengo wa mango, amayi obereka ana, madala a ndodo, njinga zitatsamira mpanda. Mantha a 2016 anawabwerera onse. Anakankha nsalu, nayesa kutsitsa mwendo umodzi, kachubu ka mpweya kakukokeka pamphuno.

"Awiske Lughano, mukupita kuti?" anafunsa mayi Leticia.

"Mundipezere njinga ya odwala. N'pafupi pomwepa."

"Akuitanani?"

A Zebedee anapukusa mutu.

"Ngati sanakuitaneni, gonani. Zaka zonsezi mumapempha chiyani kwa Mulungu?"

Anagona. Anatenga korona, koma anavomera pambuyo pake kuti mapemphero a tsiku limenelo anali osokonekera, chifukwa pakati pa Tikuoneni Maria ankapezeka akuwerenga makomo a seva. Mapazi alionse odutsa pakhonde ankayesa ndi a Towera akubwera kudzafunsa. Mtima wina unkalakalaka abwere, mtima wina unkapempha kuti asabwere. Naini koloko inadutsa. Anaona mayi wina pamzere paja akumanga mwana kumsana ngati wofuna kubwerera, ndipo anatseka maso, osafuna kuona zotsatira.

Itangopitirira teni koloko, kuseri kwa khoma kunamveka kulira kuja. Kanalira kamodzi, kanaima, kenako kanayamba kulira mosalekeza. A Zebedee anatsegula maso. Mzere unali utayamba kuyenda, ndipo mayi wa mwana uja anali wachitatu kuchokera pakhomo. Anapuma mpweya wautali umene madokotala anali atausowa sabata yonse, misozi n'kutsikira m'makutu.

A Towera anafika masana, thukuta lili kamukamu, atafumbata kanthu m'manja. Anagwada pambali pa bedi natambasula dzanja. Munali kabatire kakang'ono kozungulira ngati ndalama yachitsulo.

"Adada, wolakwa ndi uyu."

"Fotokozani bwino, kuyambira poyamba."

"Magetsi analipo, zingwe zili bwino, seva ikuyankha. Ndinathamangira ku khomo lija la 2016, ndinapeza lotsegula. Apo ndinafuna kubwera kuno. Ndinafika mpaka pa famase, n'kubwerera. Ndinati ndiwerengenso logi. Kachiwiri ndi pamene ndinaona deti. Seva imati lero ndi Januwale 2012!"

"Ah!"

"Kabatire kosunga nthawi kanafa kalekale. Magetsi atathima, wotchi yake inabwerera m'mbuyo. Kale pulogalamu sinkasamala, koma apudeti yatsopanoyi imayang'ana deti pa ziphaso za chitetezo, ndiye imati ziphaso zathu nthawi yake sinakwane, n'kukana kudzuka. Ndinakonza nthawi, ndinadzutsa nkhokwe ya mbiri za odwala poyamba, kenako pulogalamu, kenako famase. Mzere utatha ndinakatenga kabatire kena kwa a Swaleh ogulitsa mawotchi kumsika."

A Zebedee anakatenga kabatire kaja, nakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anayamba kuseka, kuseka kwa munthu wopanda mpweya, mpaka namwino anasuzumira.

"A Nyagondwe, ichi sindinakuphunzitseni."

"Simunandiphunzitse, adada."

"Sindikanatha, chifukwa nanenso sindimachidziwa. Mukanandiitana, bwenzi tikulimbana ndi makomo mpaka dzuwa kulowa, anthu onse aja atabwerera. Yewo, mama. Yewo chomene."

A Towera atatuluka, a Zebedee analoza foni yawo yakale imene inali pa kabati. Chibwerereni ku Misuku kuja inali isanazimitsidwepo, ngakhale mu tchalitchi ankangoitsitsa mawu n'kuiika m'thumba la pamtima.

"Anyina Lughano, tandizimitsirani iyo."

Mayi Leticia anawayang'ana kaye, kenako anadina batani mpaka kuwala kunazima. Akuti masana amenewo amuna awo anagona tulo timene anali asanagone zaka zambiri, mkonono ndithu, dzanja lili pa korona.

Anakhala masiku ena anayi, opepukidwa ndi anthabwala, akuvutitsa anamwino ndi nyimbo zawo zokhota. Loweruka bambo mfumu anawadzoza mafuta a odwala n'kuwapatsa Ukaristia. Lamulungu m'mawa, belu la Misa yoyamba likulira, anatsamira paphewa la mwana wawo Lughano n'kupita mwakachetechete, ali ndi zaka 67.

Atisiyira chitsanzo chovuta kuchitsata kuposa kusala kudya. Ambiri a ife, m'makwaya, m'mabungwe ndi m'maofesi, timagwira kiyi mpaka dzanja kuuma, poopa kuti tikaphunzitsa wina tidzaiwalika. Iwo anagwira ntchito zaka zisanu ndi zitatu kuti asamafunikenso, ndipo Mulungu anawalola kuziona ndi maso awo asanawaitane. Ambuye amene anawatumikira m'kachipinda kaja awalandire ndi kuwapumitsa.

Tinawaika m'manda Lachiwiri, tsiku limene chipatala chimadzaza kwambiri. Anthu ochuluka a pachipatala anabwera kudzaperekeza, koma a Towera anafika mochedwa, nyimbo yomaliza ili pakati. Anapita kwa mayi Leticia, nagwada, n'kuwanong'oneza kuti anadikira kaye mpaka wodwala womaliza atalandira mankhwala ake, ndipo palibe amene wabwezedwa.