Phulusa Lomwe Ndinakhalira

Mdzukulu wanga wamkazi, amene amaphunzira za mankhwala ku yunivesite, anabwera kuno ku Chintheche ndi ntchito yoti akaimaliza ampatse digiri. Ntchitoyo inali phulusa. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Sukulu yonse ija, kudzathera pa phulusa!

Ankatenga mankhusu a mpunga kuchigayo, n'kuwatsuka, n'kuwaotcha mumphika mpaka phulusa liyere kuti mbuu. "Agogo, limeneli ndi thandala langa," anatero. "Usipa mukauunjika umaola, mukauyanika bwino umauma. Inenso ndiyala chitsulo paphulusali kuti chisaunjikane." Akuti chitsulo choyalidwa chotero chimafulumizitsa kuyera kwa madzi oipa ndi utoto, icho osatha, monga nkhoswe imamangitsa ukwati wa ena n'kubwerera kwawo.

Koma moto wa nkhuni ndi wamakani. Mphika uno phulusa lakuda, mphika winawo lotuwa. Maso athu anafiira ndi utsi, chinangwa changa n'kuolera m'madzi osavuulidwa. Loyera lenileni linangokwana kandowa kamodzi. Anakavundikira, n'kukaika m'khitchini, iye ulendo ku Mzuzu kukatenga mankhwala a chitsulo aja.

Ali komweko, mng'ono wa malemu amuna anga anamwalira pakhomo pathu pomwe. Kwathu kuno tikaika maliro timasesa, ndipo phulusa lonse la pakhomo limakatayidwa. Tsiku losesalo ndinangoona mlongo wa womwalirayo, mlamu wanga wa pakamwa pakuthwa, akutuluka m'khitchini kandowa kali m'manja.

"Mlamu, tulani kameneko."

"Phulusa ndi phulusa. Mukufuna imfa igone m'khitchini?"

"Limeneli silinaothe maliro. Linapsa mlongo wanu akadali moyo, akudya yekha kondowole."

"Ha, amvereni agogo a digiri! Dzina lanu lomwe simutha kulemba."

"Kulemba sinditha, koma kukhala ndimatha."

Ndinalanda kandowako n'kukhalira pachivundikiro. Amayi anasesa mondizungulira, fumbi likundilowa m'mphuno. Ena ankaseka, ena ankaguguda pakamwa. Musaganize kuti ndinalibe mantha. Mwambowo ndinausunga pa amuna anga ndiponso pa ana anga amene anatsogola, ndipo mtima unkandifunsa kuti wina akadwala mawa ndidzayankha chiyani. Koma mwanayo analibenso nthawi yoti ayambe kuotcha kachiwiri. Miyendo inachita dzanzi, ine osasuntha.

Dzuwa litafika pamutu, mkulu wa banja anabwera n'kuima patsogolo panga.

"Amama, mukhala pamenepo mpaka liti?"

"Mpaka mwini wake abwere."

Anakanda m'mutu. "Mwambo ukuti phulusa lichoke pakhomo. Kumene lipite sunanene."

Ndinasenza kandowako. Anzanga analowera kudzala, ine ndinalowera kumsewu, pang'onopang'ono ndi mawondo angawa, mpaka kwa aphunzitsi ena aakazi ochokera ku Ntcheu. Iwo anangokaika pansi pa bedi osafunsa zambiri. Mlamu wanga anatha dzinja lonse osandipatsa moni.

Mtsikanayo atabwera anagwirira ntchito yake komweko. Ananyika phulusalo m'madzi ofiirira ngati dzimbiri, n'kuliumitsa, n'kupita nalo kusukulu kukaliotchanso mu uvuni wamagetsi. Kumeneko kuli makina ounika mkati mwa fumbi. Tsiku lina anaimba foni ya aphunzitsi aja, ine ndikupala chinangwa, aphunzitsiwo n'kundithamangira nayo.

"Agogo, makina aonetsa! Chitsulo chayalika paliponse, ndipo madzi akuyera."

"Ndiye akupatsa?"

"Andipatsa."

"Chabwino. Ubwere nako kandowa kanga."