Tsiku limene ndinagwada m'malo mwa atate

Ndinali ndi zaka khumi chaka chimene amayi anamwalirira m'ngolo. Tinkakhala m'mudzi wina ku Kasenengwa, kwawo kwa amayi, chifukwa atate anga, a Lazalo, anali mkamwini. Ntchito yawo inali yomanga nyumba. Ankalima chimanga, thonje ndi nsawa ngati wina aliyense, koma tikangokolola ankanyamula levulo ndi chingwe n'kumakamangira anthu m'midzi ina. Zikhatho zawo zinali zokhakhala kwambiri, moti ndikadwala malungo ankandigwira pamphumi ndi kuseri kwa dzanja kuti asandikande.

Masiku amenewo chipani chinali chimodzi m'dziko lonse, ndipo atate ankachikonda. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa anthu amaiwala. Khadi lawo la chipani ankalisunga m'buku la mapemphero. Tsiku lina kunabwera bwana wamkulu wa chipani kuchokera ku Lusaka. Anati ife tiumbe njerwa, iwo abweretsa simenti ndi malata, tikhale ndi chipatala chathu pamudzi. Amene anakhoma zikombole anali atate. Amuna ankaponda dothi, ife ana tinkasanja njerwa padzuwa, azimayi ankatunga madzi kudambo. Amayi anasenza ndowa mpaka khosi linauma. Uvuni utayaka, fungo la dothi lopsa linakhala m'zovala zathu sabata yonse.

Simenti sanabwere. Mvula ya zaka zitatu inagwera pa uvuni uja. Pamwamba panamera udzu, mbuzi zinkakwerapo, m'mabowo munkakhala abuluzi. Bwana uja anabweranso kamodzi, anaima pafupi ndi uvuniwo, anajambulidwa chithunzi, n'kunena kuti malata ali m'njira.

Amayi anali oyembekezera, ndipo nthawi yawo yoti achire itakwana, zinavuta. Azamba anati iwo alephera. Anawagoneka m'ngolo ya ng'ombe ziwiri kuti apite nawo ku Chipata, koma munali m'dzinja, njira ili matope okhaokha. Sanafike ngakhale pamsewu waukulu. Khandalo linapita nawo limodzi. Ine m'ngolomo munalibe. Ndinangoiona ikubwerera, ng'ombe zikuyenda pang'onopang'ono, atate akutsatira pambuyo, chipewa chili m'manja.

Mvula itasiya, m'mawa wina dzuwa litakwera kale, atate anandiitana.

"Velo, tenga nkhata."

Tinapita ku uvuni. Anazula udzu, anagumula ngodya imodzi, n'kundisenzetsa njerwa ziwiri. Iwo ananyamula zawo paphewa. Sitinazungulire kuseri. Tinadutsa pakati pa mudzi, anthu ali pamakonde, ulendo ndi ulendo mpaka masana. Ine ndinkatula m'mphepete mwa manda, poti mwana salowa, iwo ankalowetsa okha. Anamanga chiliza cha amayi ndi dothi la pachulu, anachiyeza ndi levulo ngati nyumba ya munthu wamoyo.

Tcheyamani wa chipani m'dera lathu anali amalume anga, a Sitefano, mlongo wawo wa amayi. Sanali munthu woipa. Anali wanthabwala, ndipo pamaliro analira kuposa tonse. Madzulo a tsiku lachitatu anafika kwathu, ine ndikusenda nsawa pakhomo.

"Alamu, mwaba katundu wa boma."

"Boma linaumba njerwa iti? Ndionetseni, ndikaibweze."

Amalume anaseka pang'ono, kenako analeka. "Chilizacho ndachiona. Mlongo wanga wagona pabwino. Koma nkhani yafika kale ku Chipata, ndipo abwana aja a ku Lusaka akubwera Loweruka. Mudzagwade pamaso pa anthu, mudzati chisoni chinandizunguza mutu. Basi, zatha. Mukakana, khadi ndilanda. Popanda khadi feteleza simuona, thonje lanu kudepoti sakalandira. Ndipo abale akuti mkamwini wovuta timusudzule azipita kwawo."

"Nanga mwana?"

"Mwana ndi wathu, alamu. Zimenezo simufunsa."

Ndinali wamng'ono koma ndinamva zonse. Atate akagwada, akhala. Akapanda kugwada, apita, ine nditsala. Amalume atachoka ndinawakhalira pafupi n'kunena kuti, "Atate, gwadani. Kugwada sikupweteka, ine ndimagwada tsiku lililonse."

Loweruka anatiimika pamzere kuyambira m'mawa, ana asukulu tonse, timbendera tapepala m'manja. Azimayi anavina mpaka mawu anasasa. Abwana anafika dzuwa litapendeka, galimoto zitatu, fumbi lake kutilowa m'kamwa. Anawakhazika pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi uvuni. Pangodya yogumuka paja amalume anali atayalapo chitenje cha chipani, n'kuchipsinja ndi miyala.

Zolankhula zitatha, amalume anaimirira. "A Lazalo ali ndi mawu ochepa."

Atate anabwera kutsogolo. Anaima chilili, chipewa kumutu, manja kumbuyo. Ndinayang'ana maondo awo, sanapindike. Ndinayang'ana amalume, thukuta lili kamukamu. Pamenepo ndinataya kambendera, ndinathamanga kuchoka pamzere, n'kukagwada pafupi ndi nsapato za abwana. Ndinaomba m'manja monga anandiphunzitsira amayi.

"Pepani bwana. Atate analakwa, chisoni chinawazunguza mutu. Njerwa tibweza."

Abwana anamwetulira, anandisisita kumutu. Dzanja lawo linali lofewa, lonunkhira sopo. "Mwaona? Mwana ali ndi nzeru kuposa atate ake." Anthu anaomba m'manja, azimayi analuluta. Mtima wanga unakhala pansi, ndinati ndawapulumutsa. Ndili chigwadire, abwana anapendekera kwa amalume n'kufunsa motsitsa mawu, "Kodi njerwazi zinali za chiyani? Sukulu?"

Ine ndinamva. Atate nawo anamva, chifukwa anali atafika kale kudzandidzutsa.

"Zinali za chipatala, bwana," anatero, osakweza mawu. "Madzi ake anatunga ndi mkazi wanga."

Anapisa m'thumba, anatulutsa khadi lija, analiika patebulo pafupi ndi botolo la zakumwa la abwana. Anandigwira dzanja, tinadutsa pakati pa anthu, anthuwo akutipatukira.

Panjira ndinkadziwa kuti kunyumba kuli mkwapulo. Koma titafika anandikhazika pakhonde, anatunga madzi m'chikho, n'kuyamba kunditsuka maondo. Timiyala tinali titalowa pakhungu. Ankatichotsa kamodzikamodzi ndi chikhadabo.

"Kugwada ndi ulemu, Velo, ndipo usadzaleke. Ugwadire akulu, ugwadire Mulungu. Koma munthu sagwada kupepesa manda a amayi ake."

"Ndimafuna musapite."

"Ndikudziwa. Koma ndikanagwada lero, bwana uja akanadzabweranso kudzaima pa uvuni womwewo, iwe utakula, ukumuvinira ndi mimba yako, ngolo ikudikira."

Ndinalira. Sanandiletse.

Sanapite nthawi yomweyo. Anayesa kaye kufuna ntchito ku Chipata. Anagona kwa mnzawo ku Kapata, n'kumayenda paliponse pamene ankamanga, koma akapitawo ankayamba afunsa khadi asanaone n'komwe manja awo. Mnzawoyo ndiye anawauza kuti ku Botswana akufuna amisiri, ndipo kumeneko amafunsa ngati khoma laongoka, osati nyimbo imene umaimba. Abale a amayi anawasudzula monga mwa mwambo. Anapempha kuti anditenge, amalume anakana. Anapemphanso kachiwiri akatekisiti alipo, anakananso.

Tsiku lonyamuka anatsazika nyumba ndi nyumba, dzuwa likuswa mtengo. Kwa amalume nakonso anafika, anagwirana chanza. Pomaliza anandiimika papepala la m'kope langa, n'kujambula phazi langa ndi pensulo. Pensuloyo inkandigirigisha, ndinaseka ndikulira. Pepalalo analipinda, analiika m'buku la mapemphero, n'kunyamula thumba la zida zawo kupita kumsewu.

Sindinama, ndinawakwiyira zaka zambiri. Anzanga ankanditcha mwana wa wothawa. Sukulu ndinalekera giredi folo, poti kwa amalume ana analipo ambiri ndipo munda unali waukulu. Nsapato zinkabwera chaka ndi chaka kuchokera ku Francistown ku Botswana, koma nthawi zonse zinkandithina, chifukwa atate ankangoyerekeza kakulidwe ka phazi limene sankaliona. Ndinkazipereka kwa ana a amalume. Makalata awo ankandiwerengera ndi akatekisiti, ine n'kumayang'ana kumbali ngati sindikumva.

Zipani zitachuluka atate anabwera kudzaona ngati angabwerere. Apo n'kuti ndili pabanja, mwana woyamba ali kumsana. Anapeza amalume atavala malaya a chipani china, akutsogolera nyimbo zatsopano.

"Alamu, mwasintha nthenga?" anafunsa atate.

"Nthenga zokha, alamu. Nkhuku ndi yomwe ija."

Anaseka onse awiri, anamwa thobwa limodzi. Atate anakhala sabata ziwiri, anakalambula pachiliza, n'kubwerera. Anandipempha kuti ndipite nawo pamodzi ndi amuna anga. Ndinakana. Ndinati wina ayenera kutsala. Sanandikakamize, nanenso sindinawapemphe kuti akhale. Kuyambira pamenepo mkwiyo wanga unayamba kuzizira, ndipo mafoni atabwera tinkalankhulana Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi.

Atate anamwalira chaka chatha, atakalamba. Ine tsopano ndimakhala ku Kapata, ndimagulitsa tomato ndi anyezi pamsika. Uthenga utafika, anthu anasonkhana pakhomo panga. Akuluakulu a kumudzi anati thupi libwere, munthu amagona kwawo. Ndinawauza kuti atate anandiuza pafoni, kangapo konse, kuti adzaikidwe kumene anagwira ntchito. Mayi wina wachikulire, mmodzi mwa amene analuluta tsiku lija, anati, "Mwana wanga, usawamvere. Anathawa dziko ali moyo, asalithawenso atafa. Abwere, tiwakhululukire."

Ndinali nditakhala pamphasa, mpango wakuda kumutu. Sindinaimirire, sindinakweze mawu.

"Amayi, muwakhululukire chiyani? Wothawa satsazika. Atate anafika pakhomo panu, munawapatsa madzi akumwa. Mwaiwala?"

M'mawa mwake ndinakwera basi, masiku awiri panjira. Bokosi lawo ananyamula amuna asanu ndi mmodzi amene atate anawaphunzitsa kumanga, ena a imvi kale. Chilankhulo chawo sindinkachimva, koma mmodzi ananditengera m'misewu ya tawuniyo, akuloza nyumba, akuloza sukulu, akuloza kachipatala kena kopaka utoto woyera, akungotchula dzina la atate. Ndinagwira khoma lake. Linali loongoka.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti wokukonda ndi amene wakhala nawe, zivute zitani. Lero ndikudziwa kuti si zokhazo. Sindikunena kuti aliyense achoke. Ine ndinatsala, ndimavota, ndipo akabwera pamsika ndi malonjezo ndimawafunsa za chaka chatha, anzanga akundikoka chitenje kuti ndikhale chete. Sindikunenanso kuti ulendo wa atate unalibe wopwetekedwa. Wopwetekedwayo ndinali ine, ndinakula wopanda mayi, wopanda bambo, ndipo nkhani iyi akundithandiza kulemba ndi mdzukulu wanga chifukwa sukulu sindinapite nayo patali. Zimenezo ndimazidziwa kuposa aliyense amene amafuna kundikumbutsa.

Koma amene anatilekanitsa si atate. Iwo anakhulupirira, anaumba, anadikira zaka zitatu, anaika mkazi wawo m'manda, kenako anauzidwa kuti wolakwa ndi iwowo. Munthu wosauka akafika pamenepo satsala ndi zambiri. Atate anatsala ndi manja awo ndi maondo awo. Manja anapita nawo kumene ankafunika, maondo anakana nawo. Ana athu ambiri akuchokabe lero, anamwino, aphunzitsi, amisiri, ndipo ndimamva anthu pamsika akuwanena kuti sakonda dziko lawo. Ndikamva choncho ndimafunsa kuti, asanachoke, anaumba chiyani chimene chinamera udzu? Kawirikawiri nkhani imathera pomwepo.

Ine ndinawapepesera atate anga kamodzi, ndili ndi zaka khumi, pamaso pa munthu amene sankadziwa n'komwe chimene ndikupepesa. Sindidzachitanso, kwa wina aliyense.